Chingwe cha m'chiuno mwa Lilly

Ku Tafara kuno akuti mng'ono wanga Lilly anasiya mwamuna wake pamchenga n'kuthawira m'nyanja. Akuyankhula pamjigo, akuyankhula m'makombi, timabasi tathu tija, amayi a kumpingo kwathu afika poiika m'mapemphero. Ine Febbie, mkulu wake, ndinaliko ndipo ndinaona ndi maso angawa. Ndiye mundimvere, chifukwa mtima wanga sunaphwe.

Lilly amagulitsa tomato ndi masamba pokwerera makombi. Mukamuona atakhala pa kabokosi kake simungadziwe kuti akalowa m'madzi amakhala munthu wina. Tinakulira pafamu ya fodya kufupi ndi Banket, kumene makolo athu anafikira pochokera ku Dedza, ndipo pafamupo panali damu lalikulu. Enafe tinkangoviika miyendo. Iye ankawoloka mpaka tsidya, amayi akukuwa m'mphepete ndi kamtengo m'manja. Atatithamangitsa pafamu tinadzapanikizana m'kachipinda kuno, kumene mpopi umatha mwezi wathunthu osadontha. Mtsikana wa damu uja anasanduka wokankha wilibala ya zigubu.

Atakwatiwa n'kubereka Paida, anayamba kuthamanga Loweruka lililonse ndi kagulu ka kuno, kotsogoleredwa ndi Farai, mnyamata wowotcherera zitsulo wa ku Mabvuku. Tsiku lina kukutentha anadutsa pa dzenje lakale lomwe ankaphwanyamo miyala, lodzaza madzi a mvula. Lilly anangoti phava, nsapato zili kuphazi, n'kuwoloka. Farai anagwira pakamwa. Ndiye anamuuza za mpikisano wa pachilumba china cha ku Mozambique: umathamanga, n'kulowa m'nyanja ndi nsapato zomwezo, kutuluka, kuthamanganso, mpaka kuzungulira chilumba. Koma supita wekha. Mumakhala awiri, omangana chingwe m'chiuno, ndipo mmodzi akagonja nonse mwagonja. Okonza mpikisanowo anali atapereka malo kwa anthu awiri a m'malokeshoni athu, ulendo wonse akulipira iwo.

Mwana ameneyu anavutikira, abale. Pasipoti yokha anaipeza atapita n'kubwerera mpaka nsapato kutha, poti makolo athu ankawerengedwa alendo. Ankadzuka kukatunga madzi, kupita kudzenje, kenako kukakhala pa tomato tsitsi likudontha. Anabowola nsapato zake ndi msomali wamoto kuti madzi azituluka. Anabwereka chovala cha labala chothina chija, ndipo chingwe anachita kupanga okha ndi Farai, cha labala wa chubu, chokhala ndi ngowe uku ndi uku.

Nkhani inavunda pa chingwe chomwecho. Amayi ena anawaona akutuluka m'madzi atamangana, ndipo dzuwa lisanalowe uthenga unali utafika kwa alamu anga a Kingston, amene amalondera nyumba yosungiramo katundu ku Southerton. A Kingston anabadwira m'tauni, ndipo ife amatitchula a kufamu ngakhale akudya ndiwo zathu.

"Mayi a Paida," anatero ine ndili pomwepo, "mkazi wanga sangamangidwe ngati mbuzi ndi mwamuna wina. Ngati n'kumangana, amangana ndi ine."

"Bambo a Paida, kodi mumatha kusambira?" Lilly anafunsa mofatsa.

"Ine? Ndinasambira mu Mukuvisi iwe usanaone tauni!"

Asa! Mukuvisi wake uti, kamtsinje kofika m'mawondo kaja? Ndinawauza pamaso kuti alamu, musamuwonongere mwanayu chinthu chake. Anandiyankha kuti za m'nyumba mwawo ndisalowerere. Farai, posafuna kupasula banja, anachoka yekha n'kupempha okonza kuti asinthe dzina. Anachita kubweretsa chovala chake cha labala n'kuwapatsa a Kingston ndi manja awiri.

Kuthamanga a Kingston ankathamanga, zimenezo sindingawanamizire, poti anali wampira. Koma kudzenje kuja, ha! Lero chimfine, mawa atopa ndi ntchito, mkuja madzi ndi akuda angawadwalitse. Kamodzi analowa, n'kupalasa m'mphepete dzanja lina litagwira mwala. Ankati madzi amchere amanyamula munthu okha, anamva kwa mnzawo woyendetsa lole. Lilly ankangoti, "Sisi, mwina akafika kumeneko alimba mtima." Ndinamuuza kuti akudzinamiza, koma akanatani? Akanakana, sakanapita n'komwe.

Ine ndinapita nawo kuti ndiziwasungira zikwama, Paida tinamusiya kwa apongozi ake a Lilly. Tinakwera basi ya ku Mutare, kuwoloka malire, kenako ulendo wautali wa fumbi ndi maenje mpaka kugombe. Njira yonse a Kingston ankauza aliyense wokhala nawo pafupi kuti akupita kukaimirira dziko. Titakwera boti lopita kuchilumba, pakamwa paja panatsekeka. Anagwira chitsulo ndi manja onse, kusanza mpaka misozi. Lilly sanawaone n'komwe. Anali atatunga madzi ndi dzanja, kulawa, n'kuseka yekha ngati mwana.

M'mawa wa mpikisano mayi wina wa okonza, dzina lake Lucinda, anabwereza lamulo momveka: amene wasiyana ndi mnzake, amutulutsa m'madzi nthawi yomweyo. Wezulo analira. Chigawo choyamba chinali chothamanga pamchenga, ndipo a Kingston anachita kumukoka Lilly, akutembenuka kundiimikira dzanja. Ine ndinadulira njira yachidule kukawadikira polowera m'nyanja, pamene anthu amawoloka kupita ku kachilumba kena kakang'ono.

Anafika ali m'gulu la kutsogolo. Analowa, madzi m'mawondo, madzi m'chiuno. Funde limodzi linawamenya a Kingston kumaso, basi anaima njii. Lilly anali atagona kale pamadzi, chingwe chinakoka, chinamubweza. Anayesanso, chinamubwezanso. Anthu ankawadutsa uku ndi uku, ngakhale nkhalamba za imvi zinawadutsa.

"Bambo a Paida, gonani chagada, ndikukokani ine!" Lilly anakuwa. "Musachite kalikonse, ingogonani!"

"Tibwerere. Madzi awa si abwino lero."

"Chonde, ndakugwirani mwendo. Ndikuwolotsani."

"Kukokedwa ndi mkazi, anthu akujambula? Ndati tibwerere!"

Ndinapsa mtima. Ndinalowa m'madzi ndi chitenje changa ndikukalipa: "Alamu, walira mvula walira matope! Munachifuna nokha chingwechi, lowani!" Sanandiyang'ane. Anayamba kubwerera m'mbuyo, akumukoka mkazi wawo kupita kumtunda ngati akukoka thumba la chimanga. Gombe linali litatsala ndi ife tokha ndi ojambula.

Lilly anaika dzanja pa ngowe ya m'chiuno mwake. A Kingston anaona.

"Ukangomasula chingwe chimenecho, usadzapondenso pakhomo panga."

Lilly anawayang'ana. Kenako anamasula, n'kutembenuka, n'kulowa.

Abale, sindinaonepo chinthu chotero. Nsapato kuphazi, mafunde akumukweza n'kumutsitsa, koma mikono ikungosinthana mosapupuluma, ngati kudamu kuja. Anapeza nkhalamba zija, anazipitirira. Anapeza ena awiri, anawapitiriranso. Ine ndinkalumpha m'madzi ndikukuwa dzina lake mpaka mawu kutha. A Kingston anali atakhala pamchenga, chingwe chikulendewera m'chiuno, akuuza wojambula kuti mwendo unawagwira.

Ndiye ndinaona boti la okonza likumulondola. Linamutsekera kutsogolo, iye analizungulira. Linamutsekeranso. Mayi Lucinda anawerama n'kumuyankhula, ndipo sindikuwada, lamulo anali atalinena. Koma kachilumba kaja kanali pafupi moti mitengo yake inkaoneka masamba. Amuna awiri anamugwira m'khwapa n'kumukweza m'boti.

Anamutsitsa pamene ndinaima. A Kingston anadzuka n'kuyamba, "Waona manyazi amene wandichititsa," koma ndinawaloza chala n'kuwapitirira. Ndinamufunditsa Lilly chitenje changa chonyowacho. Milomo yake inali itatuwa ndi mchere. Lero akugona pansi m'kachipinda kanga ndi Paida, ndipo akuchimuna atumiza anthu kuti akapepese. Apepese chiyani? Tsiku limenelo pagombe paja sanatchule za nyumba, kapena za mwamuna, kapena kumene akagone tikabwerera. Anangoyang'ana kutsidya, kumene anzake anali akutuluka m'madzi n'kuyamba kuthamanga.

"Sisi," anatero, "sindinatope n'komwe. Ndikanafika."