Chisoti chimene ndinakwecha

Mwana wanga ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndinapeza ntchito yoyeretsa m'nyumba ku Wigston, ku Mangalande, kwa bambo ena achizungu, okalamba, akazi awo anamwalira. Ndi nyumba yokhayo imene ankandilola kubwera ndi mwana. Kwina konse ankati mwana ayi, ine womusiyira ndinalibe, bambo ake anali atapita kale kwa mkazi wina ku Nottingham.

M'chipinda cham'mwamba munali zinthu za nkhondo zakalekale: zisoti zachitsulo, malamba, zimake za mipeni ya kumfuti, mabatani m'timabokosi. Ndinkaziopa. Ndinkalowamo khutu lili kwa mwana pansi. Iwo anati ndizingopukuta fumbi pamashelefu basi.

Koma chisoti chimodzi chinkandipweteka m'maso. Chakuda bii, dzimbiri, tizigamba ta penti pambali. Kwathu mkazi wosiya poto wotero amasekedwa pachitsime. Ndiye bambowa anali atandichitira zambiri, kundiwerengera makalata akuchipatala amene ine sindinkawamva, kundiyangatira mwana ndikamakolopa. Chowapatsa ndinalibe. Ndinati ndiwathokoze ndi manja angawa.

Tsiku lina atapita kwa dokotala ndinachitsitsira kusinki. Sitiluwulu, sopo, ndimu. Ndinakwecha kunja ndi mkati momwe, zala mpaka kusupuka, mpaka ndinadziona nkhope pachitsulopo.

Atabwera ndinawapatsa ndi manja awiri, nditanyonyomala pang'ono.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pasitepe n'kumachitembenuza, chala chikufunafuna pambali paja. Anandiuza pang'onopang'ono, kuti ndimve, kuti tizigamba tija tinali chizindikiro cha gulu la asilikali, ndipo mkati munali dzina lolembedwa ndi pensulo, theka litafufutika. Zaka zambiri anali akufufuza kuti msilikaliyo anali ndani, kwawo kunali kuti. Anali atatsala pang'ono kupeza abale ake.

"Tsopano ndi chitsulo chabe," anatero.

Ndinapepesa m'Chichewa, Chingerezi chitandithawa mkamwa. Mwana anayamba kulira. Iwo anandithandizabe kutsitsa pulamu, kangolo ka mwana, pakhomo.

Lachiwiri mwana wawo wamkazi anandiimbira foni. Anati bambo sakudya, ndisabwerenso, kiyi ndikaponye pakabowo ka makalata ka pachitseko. Ndinakwera basi, ndinakaponya. Katani yam'mwamba inagwedera. Ndinamunyamula mwana m'mwamba kuti bambo aja amuone, ndinaima choncho mpaka mikono kuwawa, koma sanatsegule.