Pasipoti ya Mayi a ku Tete

Titachotsedwa pa famu, bambo anapeza chipinda cha lendi ku Tafara, dera lina la mumzinda waukulu wa Zimbabwe. M'chipinda choyandikana ndi chathu munkakhala mayi ena a ku Tete, amene anathawa nkhondo kalekale mwana ali kumsana. Bambo ankawamvera chisoni chowapeputsa. "Dziko lino ndi limene limadyetsa onsewa," ankatero. Bambowo anabadwira ku Dedza, koma ankadzimva Mzimbabwe kuposa eni nthaka, ngakhale chitupa chawo, monganso changa, chinali ndi chizindikiro cha mlendo.

Kenako m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha. Mayi aja anakatenga pasipoti ya kwawo n'kuyamba kuwoloka malire pa Nyamapanda. Ankabwerako ndi mpunga, mafuta ophikira ndi sopo. Ine ndinkagulitsa tomato wofota pamsika, ndipo ndikawaona akutsika minibasi ndi zikwama zotupa, ndinkayang'ana kumbali. Ine wobadwira konkuno, amene ndinkaposa anzanga Chishona kusukulu, ku ofesi ya mapasipoti anandiuza kuti ndiyambe ndakana Umalawi umene sindinauonepo. Pa wailesi akuluakulu ankati mayiko a chigawo chino ndi banja limodzi, koma pakamwa pomwepo n'kumatinso dziko lathu siliphunzitsidwa nzeru ndi anansi.

Ndinapempha bambo kuti tikafune mapepala a ku Malawi. Anakana.

"Msana wanga unathera m'fodya wa dziko lino. Lero ndikavomere ndekha kuti ndine mlendo?"

Tsiku lina mayi aja anandipeza pampopi ndikuchapa ndi madzi okha.

"Mwanangu, tiye tizipitira limodzi," anatero. "Pamalire ndidzati ndiwe mwana wa mchemwali wanga."

Ndinawayankha kuti kwathu sitiwoloka malire mozemba ngati mbava. Anangoti chabwino, n'kusiya sopo pamwala. Sopoyo ndinachapira, mtima uli kuwawa.

Mwezi wotsatira anatenga mtsikana wina wa mumzere wa nyumba zathu. Pofika dzinja, mtsikanayo anali ndi tebulo lake moyang'anizana ndi langa, atavala nsapato zatsopano, ndipo makasitomala anga ankayambira kwa iye.

Chaka chomwecho bambo anadwala kolera n'kutisiya. Mpunga umene anthu anadya pamaliro unachokera kwa mayi aja, osawapempha. Ndinagwada n'kuwathokoza monga mwa mwambo, koma maso sindinawadzutse, poopa kuti angaone zimene zinali m'menemo.