Chimphona Chinagwada M'holo ya ku Greenwich

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo sindibisa. Kusekondale anandiimitsapo kawiri chifukwa cha ndewu. Pachipatala cha ku Lewisham, mu Londoni muno, pamene ndinkakankha odwala pa matirole, abwana ankandidziwira mawu ndisanatulukire pakona. Koma munthu amene ndimamusirira kuposa onse ndi wofatsa. Ndi mwana wa mlongo wanga.

Mlongo wangayo ndi namwino. Mwanayo anabwera naye kuno ali ndi zaka khumi, kamunthu koonda ngati bango, bambo ake atatsala ku Zomba ndi mkazi wina. Choncho malume ndinali ine, bambo ndinalinso ine ndemwe. Pofika zaka makumi awiri anali atandipitirira ndi mutu wonse, moti polowa pakhomo pa mayi ake ankachita kuwerama. Chichewa ankamva chonse, koma kuyankha ankayankha m'Chingerezi. "Yes, uncle." Basi. Zinkandinyansa.

Nyengo yotentha ankasewera mpira wa ku America. Ndinkapita kukaonera Lamlungu ndikatuluka m'tchalitchi. Oonerera tonse sitikanadzaza basi imodzi. Osewera ankavala zipewa zolimba ngati za okwera njinga zamoto ndi zotchinga m'mapewa, n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Malamulo ake sindinawamvetse mpaka lero: athamanga pang'ono, aima, akambirana, ayambiranso. Koma mpira ukaponyedwa m'mwamba, iye ankauwakha anthu awiri atamukolekera, n'kuyenda nawobe. Akamugwetsa ankadzuka n'kumupatsa dzanja womugwetsayo. Ine ndinkakuwa mpaka mawu kutha.

"Uja wakuponda uja, bwanji osamubwezera?" ndinamufunsa tsiku lina tili m'basi.

"It's the game, uncle."

"Gemu yanji yoti munthu akuponde iwe n'kumamusekerera?"

Anangoseka.

Kukayamba kuzizira, chipewa chija ankachiika pamwamba pa kabati n'kuyamba handibolo. Musaganize za mpira wamanja wa atsikana akwathu uja wosakhudzana. Uwu amasewera m'holo, anthu asanu ndi awiri mbali iliyonse, kuponyera m'golo ndi dzanja. Mpirawo amaupaka zomata ngati ulimbo, ndipo mayi ake ankadandaula kuti zitseko zonse m'nyumba zada ndi zala zake. Anamukokera kumeneko ndi mnzake wa ku Poland amene ankanyamula naye katundu m'sitolo ina ku Wembley. Ine ndinali ndisanapiteko chifukwa Loweruka ndinkakhala pa shifiti.

Londoni itapatsidwa masewera a Olimpiki, kunamveka kuti akufunafuna anyamata aatali oti awaphunzitse handibolo, poti Angerezi masewerawa sawadziwa kwenikweni. Mlongo wanga anandiimbira foni.

"Achimwene, Loweruka kukubwera anthu odzasankha osewera. Amabwera kamodzi kokha. Ine ndili pantchito, ndiye mupite inu. Koma chonde, pakamwapo."

"Pakamwa panga patani?"

"Mukudziwa."

Ndinasinthana tsiku ndi mnzanga, ndinavala jekete, n'kukwera sitima ya ku Greenwich, kumene kunali holo yawo.

Ntchito yake m'bwalomo inali kuima pakati pa otchinga a timu inayo, atafulatira golo, kudikira mpira. Analibe chipewa, analibe zotchinga m'mapewa. Kabudula ndi jezi basi. Amuna awiri akuluakulu ankamukumbatira, kumukoka, kumukankha ndi zifuwa. Woimbira ankangoliza wezulo, mpira n'kuyambiranso, osatulutsa munthu. Panalibe amene anandiuzapo kuti m'masewerawa kugwirana koteroko ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Pampando wakutsogolo panali osankha aja, bambo ndi mayi, akulemba m'mafayilo. Mnyamata wathu anagoletsa kawiri, konseko akugwa chafufumimba, mpira n'kuutulutsa m'dzanja asanafike pansi. Ndinali ndisanaonepo chinthu chokongola chotero. Kenako mmodzi wa otchinga aja anamukoka mpaka jezi inang'ambika kuchokera pakhosi kufika m'khwapa, ndipo ndinaona magazi pamlomo pake.

Kwathu mwana wa mlongo wako akavulazidwa, mlandu ndi wako iwe malume. Sudikira kuitanidwa. Ndinangozindikira ndili pakati pa bwalo, nsapato zanga zamumsewu zikulira pathabwa, chala chili pamphuno pa wong'amba jezi uja. Zimene ndinanena m'Chingerezi sindilemba pano. Za m'Chichewazo ndiye zinali zoipa kuposa.

Woimbira anaimitsa masewera. Anauza kochi wa timu yathu kuti bambo awa akapanda kutuluka m'holo muno, masewera athera pomwepa. Kochiyo anandigwira mkono, ndinamusasa. Mlonda anabwera, ndinamufunsa ngati iye ali ndi mlongo. Ndinaona ndithu mayi wosankha uja akutseka fayilo yake n'kuyang'ana wotchi, koma mutu unali utatentha kale.

Mnyamatayo akanafuna akanandinyamula ndi dzanja limodzi n'kukanditula pakhomo. Anzake ankamukuwira kuti atero. Iye anabwera pang'onopang'ono, n'kugwada ndi mawondo onse awiri pamaso panga, manja ataphatikiza, maso pansi. Atagwada choncho mutu wake unkandifikabe pachifuwa. Ndipo anayankhula Chichewa, chopindikapindika koma Chichewa.

"Malume, pepani. Palibe wandilakwira. Masewera ake ndi otero. Ndapota nanu, kandidikireni panja. Anthu aja akachoka sabweranso."

"Nanga magaziwo?"

"Ndadziluma ndekha, malume."

Linali bodza, ndipo tonse tinkadziwa. Zaka zonsezi ndinkamunena kuti wasanduka Mngerezi, pomwe iye ankadziwa bwinobwino kuti malume sathamangitsidwa, amapemphedwa, ngakhale ali olakwa. Ndinakonza jekete langa n'kutuluka.

Panja kunkagwa kamvula kamawawa. Ndinaima poimika magalimoto, ndikumva wezulo ndi phokoso la nsapato kudzera m'khoma, osadziwa ngati mayi uja watsegulanso fayilo kapena wapita. Ndinaganiza zoimbira mlongo wanga, ndinaleka.

Anatuluka mochedwa, chikwama paphewa, mlomo utatupa.

"Bwanji?" ndinatero.

Chichewa chinali chitathera m'holo muja. Anandiyankha m'Chingerezi kuti amuitana kumayeso ena, iye ndi mnzake mmodzi. Anawonjezera kuti mayi uja anamufunsa zimene ndinkanena m'chinenero chathu.

"Ndiye wamuuza chiyani?"

"Kuti mumapemphera."

Ndinafuna kukalipa, koma ndinaseka mpaka kutsokomola.

Mayeso enawo anakhoza, ndipo anapita kunja miyezi ingapo kukaphunzira. M'timu yomaliza ya Olimpiki sanalowemo. Anabwerera ku Lewisham osadandaula, n'kupitiriza monga kale: kukatentha chipewa, kukazizira ulimbo, mpaka bondo linamukana Olimpikiyo isanafike. Mlongo wanga anatha mwezi osandiyankhula. Kochi anatumiza uthenga woti ndisadzapondenso m'holo muja, ndipo sindinamutsutse. Ku mpira wa ku America ndinkapitabe, koma ndinkaima kuseri kwa chingwe, manja m'thumba.

Jezi yong'ambika ija ndinaipempha, ndipo anandipatsa. Mkazi wanga wafunapo kawiri kuisoka. Ndinakana.