Nsalu imene Mayi Tollefson analonjeza Atena

Ku tauni yathu ino ya ku Wisconsin palibe amene sadziwa Mayi Marlys Tollefson. Anakalambira pa chiwongolero cha basi ya ana asukulu, ndipo mwana wamwano ankamutsitsa ndi diso lokha. Chimene ambiri sadziwa n'choti mayiwa amapembedza Atena, mulungu wamkazi wa nzeru ndi luso la manja, uja Aroma ankamutcha Mineva. Iwo ndi anzawo amadzitchula okha mfiti, mopanda manyazi, ngakhale ufiti wake ndi wa makandulo, mafuta a azitona ndi mapemphero basi.

Chaka chilichonse amawomba nsalu yatsopano yachikasu yoveka chifanizo cha Atena. Lamulo lake ndi limodzi: ulusi woyamba ukangokokedwa m'dzina lake, nsaluyo si ya munthunso. Atena sasewera naye. Paja mtsikana wina wodzitama anamusandutsa kangaude pa nkhani ya nsalu yomweyi.

Tsono mwana wawo Kendra, wopemphera kwambiri kutchalitchi, anabereka kamtsikana, Josie, n'kunena mosapsatira kuti khandalo siliponda m'nyumba ya mafano. Zinawapweteka mayiwa, miyezi n'kumapita mdzukulu akumuonera pafoni. Atatopa, anakulunga chifanizo chija m'thawulo, n'kukachibisa kugalaja pamodzi ndi tiakadzidzi tawo tadothi, mbalame za Atena. Kenako anaimba foni: "Bwera udzaone wekha, ndachotsa zonse."

Kendra anabwera Loweruka masana, mwana atamusiya kwa bambo ake. Analowa chipinda ndi chipinda, kutsegula ngakhale makabati, ngati wapolisi. Mayi ake ali pambuyo pake. Atafika kuchipinda chomaliza, ndi pamene mayiwa anakumbukira. Kalanga ine! Nsalu ya chaka chino inali ikadali pa makina awo amatabwa owombera nsalu, yachikasu, yotsala pang'ono kutha.

Kendra anaisisita ndi zala. "Koma ndiye yofewa bwanji! Amayi, mwawombera Josie? Mwezi wamawa tikumubatiza. Ndikamufunditse imeneyi."

Mayiwa anayang'ana nsaluyo. Kungoti "eya" kokha, mdzukulu akanamunyamula mawa lomwe. Koma kupereka kwa munthu chinthu cholonjezedwa kale, ndiye khanda lomwelo likachifunde? Ankaopa Atena, ndipo ankaoperanso khandalo.

"Ndimuwombera ina, mwanawe. Yoposa iyi. Ndiyamba lero lomwe."

"Ine ndikufuna iyi."

"Ulusi wake ndi wokanda, ungamutupitse khungu."

"Amayi, musandipusitse ngati kamwana. Ndaigwira ndekha. Mundipatsa kapena ayi?"

Lumo linali pomwepo pathebulo. Mayi Tollefson analitola nalifikitsa pa ulusi wa m'mphepete, kuti aichotse nsaluyo pa makina n'kumupatsa. Kenako analibwezera pansi.

"Ili ndi mwini wake," anatero chapansipansi.

Kendra sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangovala jekete lake pang'onopang'ono, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndinakulira m'nyumba muno, amayi. Mukuyesa nsalu yachikasu sindikudziwa kuti ndi ya ndani? Ndinaizindikira ndili pakhomo." Anatola makiyi a galimoto. "Ndimangofuna ndione ngati kamodzi kokha mungasankhe ife."

Mayi aja anamutsatira mpaka panja osavala nsapato, akuitana dzina lake. Galimoto inabwerera chambuyo n'kulowa mumsewu, mpando wa khanda uli kumbuyo wopanda munthu.