Nyali Zisanu ndi Imodzi za a Rivesi

Dzina lakuti a Rivesi sanabadwe nalo. Analitola pa famu ya ndiwo zamasamba pomwe anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, chifukwa ngolo yodzaza kabichi ankaibweza cham'mbuyo, pa rivesi, n'kuilowetsa m'shedi ngati ulusi pa singano, osatembenuza khosi n'komwe. Kathirakitala kawo kanali kakang'ono, kofiira pa unyamata wake koma tsopano kotuwa ngati mphaka wogona paphulusa. Munthu wamtali akakwerapo mawondo ankamufika m'makutu. A Rivesi anali afupi, ndiye ankanyada kuti opanga anayeza iwowo.

Ntchitoyo inali ndi nyumba yake: zipinda ziwiri kuseri kwa shedi, mpopi pakhomo, ndi mtengo wa mandimu umene akazi awo anadzala chaka chomwe anafika. Lamulo la pafamupo silinkapita m'mbali. Nyumba ndi ya woyendetsa thirakitala. Watsika pampando, watulukanso m'nyumba. Kwina kolowera analibe, pakuti ana awo awiri anali m'tauni, aliyense m'kachipinda koti ukayetsemula mnzako amanyowa.

Tsono chaka chimenecho maso a a Rivesi anayamba kuwapandukira. Poyamba ankangoti pali wina akuwotcha zinyalala chapafupi. Koma utsiwo sunachoke. Unawatsatira m'nyumba, kuchimbudzi, mpaka m'mbale. Masana ankalimba nazo, poti njira za pafamupo ankazidziwa ngati m'kamwa mwawo. Chowadetsa nkhawa chinali mbandakucha. Lole yotenga kabichi inkafika pachipata faifi koloko, ndiye ngolo inkayenera kunyamuka kumunda kukadali mdima, kutsika kamtunda, kuwoloka kamlatho ka pangalande kopanda zotchinga m'mbali, n'kukafika kumsewu.

Sanauze munthu. Akazi awo, omwe ankadula kabichi pafamu pomwepo, ankangomva zoti babu ya m'nyumba yafooka, mchere wasamuka malo, ndiponso kuti anthu amasiku ano amalemba timalemba ta nyerere.

Lachiwiri lina anagunda nsanamira ya chipata. Nsanamira inagwada, ngolo inalavula kabichi makumi atatu. Kapitawo wa pafamupo anafika mimba ili patsogolo, iye akutsatira.

“Madala, nsanamira imeneyi yakhala pano kuyambira ndili mwana. Lero yakulakwirani chiyani?”

“Ndi nyali, a Kapitawo. Taonani nokha. Izi ndi nyali kapena maso a nkhuku yodwala?”

Kapitawo anasuzumira tinyali tiwiri ta kutsogolo. Zoonadi tinali tachikasu.

“Chabwino, onjezerani zina. Koma mumve bwino. Mwini famu wanena kale kuti mwakula. Mukagundanso kanthu, ngakhale ndowa, pampandopo pakhala wina.”

 Tsiku limenelo a Rivesi anakhala pakhonde n'kumayang'ana mtengo wa mandimu, umene kwa iwo unali chimthunzi chobiriwira basi. Mumtima ankangobwereza mawu amodzi: kuwala kukachuluka ndiona. Munthu womira ndi mpeni womwe amaugwira.

Loweruka anaitana mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, yemwe ankakonza zamagetsi a galimoto. Anafika pa njinga ndi thumba la nyali zakale, mawaya ndi pakamwa pake posatseka.

“Alamu, ndamva mwayamba nkhonya ndi zipata. Chipata chinapambana?”

“Iwe, ndakuitanira ntchito, osati wailesi.”

Mlamuyo anatulutsa nyali ziwiri, nati azimanga m'munsi kutsogolo, pafupi ndi matayala, kuti kuwala kuzigona pansi pomwe pali msewu. A Rivesi anapisa dzanja m'thumbamo n'kutulutsa zina zinayi.

“Zonsezi. Uzimange apa.” Anamenya chitsulo chopindika cha pamwamba pa mpando, chija chimateteza dalaivala thirakitala ikagubuduka.

“Sikisi? Mukufuna kuona kabichi kapena kuitana ndege?”

“Manga.”

“Alamu, tamverani. Kadainamo ka kanthu aka n'kochepa ngati chibakera cha khanda. Kangadyetse nyali ziwiri, mwina zitatu. Sikisi zizidya batire, makamaka injini ikamalira pang'onopang'ono. Chinanso, nyali ikakhala kumbuyo kwa mutu wanu, kuwala kumagwera pa boneti n'kubwerera m'maso. Kukakhala nkhungu ndiye mwadzimangira chipupa.”

“Thirakitala iyi ndinayamba kuyendetsa iwe ukunyowetsa mphasa.”

Mlamuyo anasiya kuseka. Anawayang'ana nthawi yaitali, sipanala ili m'manja.

“Koma alamu, vuto ndi nyali zoona?”

“Ukufuna kunena chiyani? Nena!”

Mlamuyo anangotola choboolera. Mwamuna wa mlongo wako wamkulu sumuvula pagulu, ngakhale gululo likhale nkhuku za m'shedi. Anaboola chitsulo, anamanga nyali zonse zisanu ndi imodzi mondandalika, anayendetsa waya wofiira m'mbali mwa mpando, anaika fyuzi yaikulu ndi swichi pafupi ndi chiwongolero. Atayatsa, khoma la shedi linayera mbee, akangaude n'kuyamba kusamuka. A Rivesi anaona kuyerako ndipo mtima unakhala pansi pang'ono. Sanadzifunse ngati akuona khomalo kapena kuyera kokha.

“Musaziyatse zonse nthawi yaitali,” anatero mlamuyo pokwera njinga. “Zikakuvutani musatchule dzina langa.”

Lolemba mbandakucha, famu yonse inadziwa kuti a Rivesi afika. Kathirakitala kanatulukira kumunda kali ngwee ngati sitolo ya m'tauni. Amayi odula kabichi anaimika mipeni.

“Eee, a Rivesi atibweretsera dzuwa!”

“Zimitsani inu, ena sitinasambe kumaso!”

Kapitawo anakondwa kwambiri. Analamula kuti thirakitala iime m'mphepete mwa munda nyali zili chiyakire, kuti amayi azidula mwachangu osapapasa. A Rivesi anakumbukira mawu a mlamu wawo, koma akanati chiyani? Munthu woti akutamandidwa koyamba m'miyezi isanu? Anasiya injini ikung'ung'udza pansipansi, nyali zonse zikumwa batire, kwa ola lathunthu ndi theka.

Ngolo itadzaza, amayi asanu anakwera pamwamba pa kabichi monga mwa masiku onse, akazi a Rivesi ali pakati. A Rivesi analowetsa giya n'kulunjika ku kamtunda kaja.

Apa ndi pomwe anadziwa chomwe anachita. Kumunsi, cha kungalande, kunali nkhungu. Kuwala kwa nyali zija kunagunda nkhunguyo n'kuima ngati nsalu yoyanika. Boneti inkawalasa m'maso. Tizilombo touluka tinadzaza pamutu pawo ngati pali ukwati. Ndipo utsi wa m'maso mwawo, umene mumdima unkangokhala phee, tsopano unayaka wonse. Ndi tinyali tachikasu tija ankaonako mizere iwiri ya matayala. Lero sankaona ngakhale manja awo pa chiwongolero.

Anayamba kuyenda ndi mutu. Apa pali dzenje, eya, ilo. Apa pali muzu wa bulugamu, uwo. Kuchoka pa muzu kufika pa kamlatho ankadziwa kuti ndi pafupi, koma pafupi bwanji? Kamlathoko kanali kotakata kuposa ngolo ndi chikhatho chimodzi mbali iyi, chimodzi mbali inayo. Pansi pake madzi ofika m'khosi. Kumbuyo amayi ankaimba ndi kuseka.

 A Rivesi anaponda buleki. Phazi linalo linaterereka pa kilachi. Kathirakitala kanadumpha kamodzi, injini n'kuzima.

Anapotokola kiyi. Thee. Anapotokolanso. Thee. Nyali zija zinafiira ngati makala, kenako zinatsinzina zonse.

Kuchipata lole inaliza hutala.

Kapitawo anafika akuthamanga ndi tochi, mpweya uli m'mwamba.

“Chachitika n'chiyani?”

“Batire yatha.”

“Mlamu wanu uja ndi wakuba! Ndidzamuonetsa. Amayi, tsikani nonse! Apa n'potsetsereka, tikakankha ilira. Madala, ikani giya yachiwiri, mukafika pa mlatho mukhale mwailiza. Changu, lole itisiya!”

Taonani mwayi wa munthu wabodza. Mlandu unali utapeza kale mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali kutali, akuliza mkonono. A Rivesi akanangokhala chete. Anamva amayi akutsika, mapazi akuphwanya timiyala, manja akugwira matabwa a ngolo. Ena kumbuyo, ena m'mbali. Kumanja, mbali ya tayala lalikulu, anamva chifuwa chimene ankachidziwa zaka makumi atatu. Akazi awo ankatsokomola choncho m'mawa uliwonse. Akamakankha ali pamenepo, ngolo ikaphonya mlatho, iwowo ndiye oyamba kupanikizidwa.

A Rivesi anatong'ola maso mpaka misozi. Kutsogolo kunali zobiriwira ndi zofiira zikuvina, zotsalira za kuwala kuja. Mlatho kunalibe.

“Wani, thuu, kankhani!”

Ngolo sinasunthe.

“Kankhani, amayi inu, mwadya chiyani?”

“Tikukankha, a Kapitawo! Kapena kabichi wanuyu ndi wamiyala?”

Kapitawo anazungulira n'kuunika pansi pa chiwongolero. Phazi la a Rivesi linali pa buleki, litakanikiza mpaka pansi.

“Madala, mwapenga? Chotsani phazi!”

“Sindichotsa.”

“Mwati bwanji?”

“Mlatho sindikuuona, a Kapitawo.”

“Nanga si nyali zazima? Ndikuunikirani ndi tochi.”

“Ngakhale muyatse famu yonse. Si nyali. Ndi maso angawa. Chaka chino chonse.”

 Kapitawo anakweza tochi n'kuwaunika kumaso. Pakati pa diso lililonse panali kamtambo koyera ngati dontho la mkaka. A Rivesi sanaphethire n'komwe.

“Ng'ala,” anatero mayi wina chapansipansi.

Lole inalizanso hutala, kawiri. Kapitawo anatsitsa tochi. Ukali unali utamuthera, koma chifundo sichilipira lole.

“Tsikani, madala. Ndiyendetsa ndine.” Anakhosomola. “Za nyumba mukudziwa kale. Si ine ndinaika lamulolo. Ndikupemphererani kwa mwini famu kuti mukhalemo mpaka kutha kwa mwezi.”

A Rivesi anadikira mpaka phazi la kapitawo litalowa pa buleki, ndiye anachotsa lawo. Anatsika chafutambuyo, mwendo ukufufuza pansi. Anayenda chopapasa m'mbali mwa ngolo, osadziwa kolowera, mpaka dzanja lokhakhala linawagwira pamkono n'kuwakokera kumbuyo, kutali ndi tayala.

“Chaka chonse, bambo?” anatero akazi awo. “Ine n'kumagula mababu?”

“Ndimaopa nyumba, mayi.”

“Nanga pano yatsala?”

 Mayiwo anatenga manja onse awiri a amuna awo n'kuwaika pa thabwa la ngolo, pafupi ndi awo.

“Gwirani apa. Ndikati dzenje, mukweze mwendo.”

Kapitawo anakuwa kuchokera pampando. Amayi anawerama, a Rivesi nawo anawerama, mapewa pa thabwa lonyowa ndi mame. Ngolo inalira, inanyinyirika, kenako inayamba kutsetsereka.