Mpando wa a Tulloch

A Fergus Tulloch ndi aneba anga kuno ku Invercargill, tauni yozizira ya kutsidya kwa nyanja, chisiyireni ntchito yoyendetsa basi. Ndi bambo a mimba yawo ndithu, ndipo kuzizira savomera. Nyumba yawo ndi yakale, ya matabwa, yokhazikidwa pa tizipilala tifupitifupi, moti mphepo ya kum'mwera inkadutsa kunsi kwake n'kumatulukira m'ming'alu ya pansi. Akazi awo, a Noeline, ankaphika atavala jombo.

"Abambo, zala za kuphazizi sindikuzimvanso," ankadandaula a Noeline.

"Nanga ngati simukuzimva, zikukuvutani pati?"

Chaka china mng'ono wawo wa a Noeline adabwera kudzacheza, nagona atavala chikhoti, m'mawa n'kukaifalitsa nkhaniyo kutchalitchi. Manyazi adawagwira a Fergus. Adagula mitolo ya ubweya wa nkhosa wokhomerera kunsi kwa matabwa kuti uzitchinga mphepo, navala ovololo, n'kukwawira pa kachitseko ka m'mbali mwa nyumba. Mimba idakana kulowa, ndidachita kuwakankha ndine.

Kunsiko ntchito imagwiridwa chagada, mphuno ikukhudza thabwa, akangaude akukuyenda m'khosi. Posakhalitsa adatuluka ali mbuu ndi fumbi, nati ntchito yatha.

A Noeline adavula jombo n'kuyendera nyumba yonse. Kukhitchini zii, kuchipinda zii. Koma pabalaza, pomwe panali mpando wa amuna awo, pansi panali pofunda bwinobwino. Sadakalipe. Adangokokera mpandowo pafupi ndi chitseko, n'kuikapo wawo.

"Mayi, mpando wangawu wayenda bwanji?"

"Ndimasesa, abambo. Simuja mwati ntchito yatha? Paliponse m'pamodzimodzi."

A Fergus adapirira mpaka mapazi adachita dzanzi, kenaka ndidawaona akuvalanso ovololo. Atakhomerera ubweya pafupi ndi chitsekopo, mpando udasamukira pawindo. Atamaliza pawindo, a Noeline adati msana wawo ukufuna mbali ina ya bedi, basi adasinthana. Chisanu chonse chija a Fergus ankangoutsatira mpando wawo chakunsikunsi, akutukwana akangaude, a Noeline ali pamwamba kugogoda ndi tsache kuti asasochere.

Tsiku lina ndidawafunsa a Fergus pampanda. "Aneba, kodi simukuona kuti akukuyendetsani ngati basi?"

"Ndikuona, achimwene. Koma munthu ungatani, poti mapazi ndi anga?"

Padatsala posinki pokha, pomwe mpando sungakwane. Apo a Noeline adati mankhwala otsukira mbale akuwasupula manja, tsono azitsuka ndi abambo. A Fergus adatsuka kamodzi, akudumphadumpha ndi kuzizira ngati waponda moto, m'mawa mwake n'kulowa kunsi popanda wowatuma. Ubweya wonse wotsala adauunjika pomwepo.

Mpaka lero mbale amatsuka ndi a Fergus. Amati posinki ndi pomwe padafunda kuposa ponse m'nyumbamo, ndiye sangapasiyire munthu wina.