Kawiri Pamtunda, Katatu M'chigwa

Apongozi anga aamuna ankagwira ntchito yoliza chitsulo pa esiteti ya tiyi pomwe ine ndinali wa zamagetsi ku fakitale. Chitsulocho chinali chidutswa cha njanji chopachikidwa pa mtengo wa bulugama kuseri kwa ofesi, ndipo ankachimenya ndi hamala. Kuyambira kale anthu sankawerenga kuti chalira kangati. Chikalira m'mawa ndiye kuti kuntchito, chikalira masana ndiye kuti phala lapsa, chikalira madzulo ndiye kuweruka. Panalibe wosokonezeka, chifukwa dzuwa ndi mimba zinkathandizira.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera manejala watsopano, munthu wokonda zinthu zolembedwa pa bolodi. Sanali woipa mtima ayi, kungoti chilichonse chimene anachipeza chikuyenda bwino ankachiyang'ana ndi diso lokayika. Anati kuliza chitsulo mwachisawawa n'kwachikale, ndipo anakhoma lamulo pakhomo la ofesi: kamodzi ndi kuyamba ntchito, kawiri ndi phala, katatu ndi kuweruka, kanayi ndi moto. Apongozi sankadziwa kuwerenga, koma anawauza kamodzi kokha n'kusunga. Anali mkulu wa mpingo, munthu woti akauzidwa kawiri amachita kawiri.

Lamulolo linayamba Lolemba lina m'nyengo ya chiperoni, nkhungu itaphimba minda yonse moti dzuwa silinkaoneka kumene lili. Gulu lodulira tiyi linali m'chigwa, kumunsi kwa fakitale. M'mawa apongozi anamenya kamodzi. Anthu a m'chigwa anamva kawiri, ndipo anakwera mtunda ndi makapu awo kukaima pamzere wa phala, ophika asanakoleze n'komwe moto. Masana apongozi anamenya kawiri. A m'chigwa anamva katatu, nanyamula zikwanje zawo ulendo kumalayini, kunyumba za antchito. Sindikuwanena, khutu la munthu wotopa silitsutsana ndi uthenga woti aweruke. Madzulo apongozi anamenya katatu. Nyumba za malayini zinalinso m'chigwa momwemo, ndiye kumeneko kunamveka kanayi. Ine ndili pa makwerero ndikukonza getsi, ndinangoona amuna ndi akazi akutulukira m'nkhungu ndi ndowa zamadzi. Atasowa moto anaona utsi wa pa chumuni cha fakitale, womwe unkatuluka tsiku lililonse chibadwire chawo, ndipo anathira madzi onse pa mulu wa nkhuni zoumitsira tiyi.

Lachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi, kupatula kuti ndowa zinachepako.

Manejala anaitanitsa mlandu. Kapitawo wa m'chigwa analumbira kuti masana anamva katatu, ndipo kachiwiri kanali kokweza ngati munthu wapsa mtima. Gulu lake lonse linavomereza. Makalaliki a mu ofesi, omwe ankakhala pafupi ndi mtengowo, anati iwo sawerenga chitsulo chifukwa ali ndi mawotchi. Mawu a apongozi, oti anamenya kawiri, anatsala okha. Manejala anagamula kuti mkuluyu amalawa kachasu asanagwire hamala, ndipo zikapanda kusintha pofika Lachisanu, ntchito yatha ndi nyumba ya pa layini yomwe. Apongozi anangovula chipewa n'kutuluka. Munthu ameneyu ngakhale thobwa logona ankalikana.

Akazi anga sanachulutse mawu. Anangondikumbutsa kuti m'banja monse wophunzira ndine, ndipo mabuku amene ankadzaza tebulo lodyera aonetse ntchito yake tsopano.

Mabukuwo anali a sukulu yapakalata. Ndinkaphunzira za mawailesi ndi matelefoni, ndipo mwezi ndi mwezi ndinkakwera minibasi kupita ku Boma kukatenga envulopu ku positi ofesi. Nthawi imeneyo ndinali nditagwira njakata pa mutu umodzi wotchedwa konvolushoni. Bukulo linkati: tenga mizere iwiri ya manambala. Wina ndi siginolo yolowa, wina ndi momwe chipangizo chimayankhira chikagundidwa kamodzi kokha. Tembenuza mzere umodzi kuti wakumapeto akhale koyambirira. Uusendeze malo amodzi, chulukitsa manambala amene ayang'anizana, phatikiza, lemba yankho. Usendezenso, chulukitsa, phatikiza, mpaka mizere isiyane. Ndinaloweza zonsezi ngati katekisimu, koma kutembenuzako kunkandikwiyitsa. Nambala yalakwanji kuti iyende chafutambuyo? Kawiri konse ndinatumiza mayankho osatembenuza, mwina dala, ndipo kawiri konse anabwera ndi inki yofiira. Mphunzitsi amene sindinamuonepo nkhope ndinkamuda ndi mtima wonse.

Lachitatu ndinapempha akazi anga kuti akaime pafupi ndi mtengo wa bulugama masana, awerenge ndi maso dzanja la bambo awo. Ine ndinatsikira m'chigwa. Kunena zoona, ndinkapita kukagwira kapitawo bodza. Ndinakhala pa tsinde la tiyi wodulidwa kumene, mame akulowa m'thalauza, ndikudikira. Kenako chinalira. Ngwe. Ngwee! Ngwe. Katatu, kapakati kokweza, komaliza kofooka. Odulira anandiyang'ana monyada, nayamba kupukuta zikwanje.

Nditakwera, akazi anga anati dzanja linatsika kawiri basi, ndipo anali okonzeka kukanena zimenezo ngakhale kukhoti.

Ndinabwereranso m'chigwa ndekha, n'kuomba m'manja kamodzi mwamphamvu. Patapita kamphindi, phiri la tsidya la chigwacho linandiyankha, mofooka, ngati theka la kuomba kwanga. Aliyense wokulira ku Thyolo amadziwa kuti mapiri amabweza mawu, ana amasewera nazo popita kusukulu. Chimene palibe anachiganizira n'chakuti dzanja la apongozi, ndi kulemera kwa hamala ija, linkatenga nthawi yofanana ndendende ndi imene phiri linkatenga kuti liyankhe. Akamenya koyamba, khutu limamva chitsulo chokha. Akamenya kachiwiri, chitsulo chimafika limodzi ndi yankho la kumenya koyamba, n'chifukwa chake kapakati kanali kokweza. Kenako yankho la kumenya kwachiwiri limafika lokha, lopanda mnzake wolibisa. Ndinatulutsa envulopu ya kusukulu m'thumba n'kulemba kuseri kwake. Mzere wa apongozi: 1, 1. Mzere wa chigwa: 1, theka. Zimene khutu limamva: 1, kenako 1 ndi theka, kenako theka. Manambala atatu.

Ndipo pamenepo ndinaona chifukwa chotembenuzira. Pa mphindi iliyonse khutu limalandira mutu wa kumenya kwatsopano ndi mchira wa kumenya kwakale. Chatsopano chimakumana ndi chiyambi cha yankho, chakale chimakumana ndi mapeto ake. Kuti uziyang'anitse bwino papepala, mzere umodzi uyenera kufulatira. Ndinaseka ndekha m'munda wa tiyi ngati wozungulira mutu. Ndivomere pano kuti kwa kanthawi ndithu apongozi ndinawaiwaliratu. Ndinali wokondwa chifukwa cha ine ndekha.

Lachinayi ndinavala malaya a kutchalitchi n'kupita ku ofesi ndi timizere tiwiri ta pepala todula ndi lumo. Apongozi anaitanidwa, nakhala pa benchi pafupi ndi chitseko, chipewa pa bondo. Ndinayala timizereto pa desiki ya manejala, ndinatembenuza kamodzi, n'kuyamba kusendeza. Munthu wokonda bolodi uja maso anawala. Anatenga choko yekha n'kuyesa katatu, napeza kanayi. Anayesa kanayi, napeza kasanu. Ndinamuuza kuti nthawi zonse yankho limatalika ngati mizere iwiriyo itaphatikizidwa n'kuchotsapo malo amodzi, ndipo kukanakhala mapiri awiri oyankha zikanaposa apa. Palibe anandifunsa za mapiri awiri, ndinkangofuna aone kuti ndimadziwa.

Nzeru yoyamba ya manejala inali yoti apongozi azichotsera kamodzi pa chilichonse: kuweruka azimenya kawiri, phala kamodzi, kuyamba ntchito asamenye n'komwe. Apongozi anakweza dzanja mwaulemu.

"Pepani bwana, kusamenyako ndizikuchita nthawi yanji? Sikisi koloko yomweyo?"

Manejala anaganiza ndithu asanayankhe, ndipo anali pafupi kuvomera. Chinamubweza n'chakuti magulu a kumtunda, omwe ankamva chitsulo molondola, akanayamba ntchito nthawi ya phala. Anafufuta nzeru yakeyo pa bolodi, nakhala pansi, n'kundiyang'ana.

"Ndiye mukutanthauza kuti vuto si madalawa? Aliyense angamenye, m'chigwa zizisokonekera?"

Apa ndikanatha kunena kuti chitsulo chisamutsidwe, kapena tibwerere ku kalizidwe kakale kosawerenga. Mayankho onsewa ndinawapeza pambuyo pake, ndili m'bafa. Pa nthawiyo chifuwa chinali chitatukumuka, ndipo ndinayankha mokweza kuti makalaliki amve.

"Aliyense, bwana. Ngakhale inuyo mutagwira hamala. Chitsulo chimenechi sichingalankhule zoona m'chigwa muja."

Manejala anaimirira, anagwira apongozi chanza ndi manja awiri, napepesa pamaso pa anthu chifukwa chowanamizira mowa. Anatuma kalaliki akachotse mu fayilo kalata ya chenjezo imene anawalembera. Tinatuluka ngati tawina mpira. Akazi anga anapha nkhuku tsiku limenelo, ndipo ine anandipatsa nthutumba.

Patatha milungu iwiri galimoto ya esiteti inabwera kuchokera ku Limbe ndi bokosi. M'katimo munali sayirini yamagetsi. Manejala anati popeza sayansi yatsimikiza kuti chitsulo n'chabodza, esiteti singadalirenso chinthu chabodza. Woti aimangirire padenga la fakitale anali wa zamagetsi, ndipo wa zamagetsi ndinali ine. Ndinakoka waya mpaka mu ofesi, n'kuika batani pambali pa desiki ya kalaliki wamkulu, kuti azingodina ndi chala osadzuka pampando. Sayiriniyo sinkawerengeka, inkangolira kamodzi kotalika, m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo anthu ankadziwa okha tanthauzo lake. Manejala anati chimenechi ndiye chitukuko.

Ntchito ya woliza chitsulo inathera pomwepo. Kalata inati apongozi apume mwaulemu, popanda mlandu uliwonse, ndipo nyumba aipereke pakutha pa mwezi. Ndinapita kukadandaula, koma manejala anandionetsa bolodi, pomwe manambala anga anali asanafufutidwe onse. Anandifunsa ngati ndinalakwitsa masamu. Sindinalakwitse.

Tsiku losamuka thirakitala ya esiteti inabwera ndi ngolo kudzawaperekeza mpaka pamsewu wopita kwa Mphuka, kumudzi kumene anachokako ali mnyamata. Ndinanyamula mipando, matumba ndi chitseko chimene anagula okha, ndikugwira ntchito ya anthu atatu kuti ndisayang'anane ndi munthu. Apongozi aakazi sanandilankhule, koma iwo ndi ine sitinkalankhulana kale, mwambo unandithandiza pamenepo. Katundu atakwera yense, apongozi aamuna anandiitanira kuseri kwa ngolo. Ndinagwada pang'ono n'kuyamba kupepesa. Anandidula mofatsa, opanda mkwiyo uliwonse.

"Akamwini, mwagwira ntchito, dzina langa mwalitsuka. Koma bola mukanangowasiya aziti ndimamwa. Ndikanapita kwa bwana n'kulonjeza kuti ndasiya. Chinthu chimene suchita sichivuta kusiya."

Anakwera pa ngolo, nakhala pa thumba la chimanga, chipewa atachigwira ndi dzanja kuti chisauluke. Ndinaima pamsewu mpaka thirakitala inakhota pa mitengo ya bulugama. Ndinachita manyazi amene mpaka lero sanandichoke, ndipo masana amenewo ndinayenera kukwera padenga kukamangitsa waya wa sayirini amene anamasuka ndi mphepo.